Mapazi a Mlembi pa Gombe la Nkhotakota

Nkhani yopeka yofufuza mlandu imaima pa mafunso amene aliyense amawadziwa: wachita ichi ndani, wachichita motani, ndipo wachichitiranji? Koma pansi pa mafunso atatuwa pali funso lachinayi limene alembi ongoyamba kumene amalinyozera, ndilo lakuti zinthuzo zachitikira kuti. Mbala yothyola sitolo m'tauni ya Limbe imathawira m'chigulu cha anthu. Mbala yoba ukonde pa doko la asodzi ilibe chigulu chothawiramo, pakuti aliyense pamenepo amazindikira mayendedwe a mnzake ngakhale mu mdima. Malo ndiwo amalamula mtundu wa mlandu umene ungachitike, njira youbisira, ndiponso mboni imene ingauulule. Motero mlembi wosadziwa malo a nkhani yake amafanana ndi nyakwawa yogamula mlandu wa malire a munda isadafike kumundako. Njira yodziwira malo imene alembi otchuka adaikhulupirira ndi yakalekale ndiponso yosalira ndalama, ndiyo kuyenda pansi.

Chitsanzo chodziwika kwambiri chimachokera ku England. Kumwera chakumadzulo kwa dzikolo, m'chigawo cha Devon, kuli dera lokwera lotchedwa Dartmoor, lalikulu masikweya kilomita oposa 900. Mmalawi amene adafikako ku Nyika kapena pamwamba pa Viphya angalione deralo m'maganizo mosavuta: zitunda za udzu zotsatizana mpaka polekezera maso, mitengo yowerengeka, miyala ikuluikulu yosanjikizana pansonga pa zitundazo, ndi nkhungu imene imatsika mwadzidzidzi nikuta zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti m'zigwa za Dartmoor muli zithaphwi za matope akuya zophimbidwa ndi ndere zobiriwira. Pamwamba pake pamaoneka ngati pouma, koma munthu kapena hatchi ikapondapo imatitimira. Pakati pa chipululucho, pamalo otchedwa Princetown, pali ndende imene idatsegulidwa mu 1809 kuti isunge asilikali a ku France ogwidwa pa nkhondo.

Mu 1901 dokotala wina amene adasiya ntchito yochiritsa nayamba kulemba mabuku, Arthur Conan Doyle, adapita ku Dartmoor pamodzi ndi bwenzi lake Bertram Fletcher Robinson, mtolankhani wokulira ku Devon komweko, wodziwa nthano za deralo. Awiriwa ankagona ku Princetown, ndipo masana ankayenda mitunda italiitali m'chipululumo. Adaona chithaphwi cha Fox Tor, adalowa m'mabwinja a tinyumba ta miyala tomangidwa ndi anthu akalekale, ndipo adakambirana nthano za galu woopsa wa mizimu. Pa ulendo umenewu padabadwa buku lotchedwa The Hound of the Baskervilles, limene lidayamba kutuluka chigawochigawo m'magazini ya Strand mu Ogasiti 1901, nilisindikizidwa lathunthu mu 1902.

Wowerenga bukuli mosamala amaona kuti chilichonse chimene Doyle adachiona pa ulendowo chidapatsidwa ntchito m'nkhaniyo. Mkulu wolemera wa banja la Baskerville apezeka atafa usiku pafupi ndi chipata chotulukira kuchipululu, ndipo anthu a m'deralo akhulupirira kuti waphedwa ndi galu wa temberero amene wakhala akulondalonda banjalo kuyambira makedzana. Wofufuza milandu wotchuka uja, Sherlock Holmes, abisala m'kanyumba ka miyala kuti aone zochitika iye osaonedwa. Mkaidi wothawa m'ndende ya Princetown asokoneza maganizo a ofufuza ndi nyali yake ya usiku. Wakupha weniweni ndi munthu wooneka wofatsa, wokonda kugwira agulugufe, amene adaphunzira tinjira todutsa m'chithaphwi nabisa galu wamkulu pakachilumba ka pakati pake, kumene wina aliyense sakadafika. Galuyo ankamupaka mankhwala owala mu mdima kuti aoneke ngati mzukwa. Potsiriza nkhungu itsika pa nthawi yoipa, nitsala pang'ono kuononga msampha wa wofufuza, ndipo wakuphayo, pothawa mu nkhungumo, ataya njira yake yomwe, matope namumeza. Munthu atachotsa chithaphwi, ndende ndi nkhungu m'bukuli, sipangatsale mlandu woufufuza.

Patapita zaka 15, mayi wina wachitsikana wa ku Torquay, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Devon komweko, adali kulimbana ndi buku lake loyamba. Dzina lake lidali Agatha Christie, ndipo pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankagwira ntchito yosakaniza mankhwala pachipatala. Nkhani itamukanika pakati, mayi ake adamulangiza kuti akabindikire ku Dartmoor. Mu 1916 adakakhala milungu iwiri pa hotela ina pafupi ndi thanthwe la Haytor. M'mawa ankalemba mpaka dzanja kuwawa. Masana ankayenda yekha m'chipululu akuyankhula mokweza mawu a anthu a m'nkhani yake, kufunsa ndi kudziyankha yekha, kufikira mutu wotsatira utapsa m'maganizo. Bukulo, The Mysterious Affair at Styles, lidasindikizidwa mu 1920, ndipo ndilo lidaonetsa kwa nthawi yoyamba wofufuza wake Hercule Poirot.

Nkhani yoyambayo sidachitikire m'chipululu ayi. Chipululu chidangomupatsa mlembiyo bata loganizira. Koma zimene maso ake adaona sizidatayike. Mu 1931 adatulutsa The Sittaford Mystery, nkhani ya kamudzi ka pamwamba pa Dartmoor kamene kadatsekeredwa ndi chipale chofewa m'nyengo yozizira. Munthu aphedwa m'tauni ya kumunsi, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo aliyense aganiza kuti palibe wa m'kamudziko amene akadafika kumeneko pa nthawi yakuphayo, chifukwa ulendo wapansi m'chipalemo udali wa maola awiri kapena kuposa. Chimene adaiwala n'chakuti njirayo ndi yotsetsereka, ndipo munthu womanga kumapazi timatabwa totererekera pa chipale angatsike m'mphindi zochepa chabe. Chinsinsi chonse cha bukulo chagona pa kudziwa kuti kutalika kwa njira kumasintha malinga ndi nyengo, chitunda ndi choyendera. Chidziwitso chotere sichipezeka pa mapu.

Nkhani za alembi awiriwa zili ndi phunziro kwa Amalawi. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ophunzira a m'sukulu za sekondale ankabwerekana mabuku a James Hadley Chase mpaka zikuto kuthothoka. Chase adali Mngerezi, ndipo buku lake loyamba la 1939, lonena za zigawenga za ku America, adalilemba asadapondeko ku America, pongodalira mapu ndi buku lotanthauzira mawu a m'misewu ya kumeneko. Wophunzira wa ku Malawi akatengera Chase, kapena akatengera mafilimu a pa foni monga achitira ambiri masiku ano, amajambula chithunzi cha chithunzi chinzake. Zigawenga zake zimathamanga m'nyumba zosanjikizana za mzinda wopanda dzina, mvula sigwa, fumbi silibuka, ndipo palibe amene amapatsa mnzake moni. Aubrey Kalitera, amene buku lake A Taste of Business lidatuluka mu 1976, adasonyeza kuti nkhani yothamangitsa magazi ingathe kuchitikira m'misewu ya Malawi mwenimweni, ndipo lina mwa mabuku ake lili ndi dzina la phiri la Ndirande pachikuto. Komabe mbali yaikulu ya dziko lino ikudikira alembi oti aiyende, ndipo gombe la Nkhotakota ndi limodzi mwa malo oterowo.

Ku Nkhotakota kulibe chipale, kulibenso zitunda zozizira za ku Devon. Koma zonse zimene Dartmoor idapatsa Doyle ziliko m'maonekedwe ena: malo osunga mapazi, malo omeza umboni, nyengo yosintha mwadzidzidzi, ndi zikhulupiriro zimene munthu wochenjera angabisalemo. Mlembi wofuna kuziona ayenera kudzuka kusadache, natsikira kunyanja dzuwa lisadatuluke kutsidya la ku Mozambique.

Mchenga wa m'mamawa uli ngati tsamba lolembedwa usiku wonse. Pali mzere waukulu pamene adakoka bwato, ndipo mapazi a m'mbali mwake amanena kuti okokawo adali angati. Pali mapazi opanda nsapato a msodzi, zala zotakasuka, ndi mapazi a patapata a wogula nsomba wochokera kumtunda. Matayala a njinga yopita kudoko amangokanda pamwamba, koma a njinga yobwerako itasenza dengu la usipa amalowa pansi, ndipo pambali pake pamaoneka mapazi a mwini wake akuikankha. Mkwekwe wa mchira wa ng'azi umadutsa pamwamba pa phazi lina ndi pansi pa phazi linzake, nusonyeza amene adadutsa poyamba ndi amene adadutsa pambuyo. Phazi lopondedwa mame asadagwe limasiyana ndi lopondedwa mame atagwa. Koma tsamba limeneli silikhalitsa. Dzuwa likakwera, mchenga umauma, milomo ya mapazi imagumuka, ana ndi mbuzi amapondaponda, ndipo mphepo ikadzuka imasesa zonse. Mlembi amene adaona zimenezi amadziwa kuti wofufuza wa m'nkhani yake ali ndi maola awiri kapena atatu okha, ndipo wapolisi wofika masana pa galimoto apeza mboni yaikulu itatseka kale pakamwa.

Mphepo nayo ndi mboni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba kuchokera kumwera, nthawi zina masiku angapo osaleka, ndipo nyanja imene dzulo idali phee imasanduka mapiri a madzi. Mabwato amakhala gadaa pamchenga, asodzi n'kumasoka maukonde pansi pa mitengo ya mango. Munthu wonena kuti usiku wotero adali pakati pa nyanja ayenera kufunsidwanso kachiwiri. Mwezi nawonso uli ndi umboni wake. Asodzi a chilimira amakopa usipa ndi nyali, ndipo usiku wa mdima nyalizo zimandandalika kutali ngati mudzi woyandama. Mlembi wodzichepetsa akakhala pansi pafupi ndi nkhalamba yosoka ukonde nafunsa kuti, "Pepani agogo, kodi anyamatawa adalowa m'madzi usiku wathawu?" angayankhidwe kuti, "Alowe kukatani mwanawe, mwezi uli mbee chonchi? Usipa subwera ku nyali mwezi ukuwala." Yankho lalifupi chotero lingagwetse bodza la munthu woganiziridwa mlandu m'mutu wotsiriza wa buku, ndipo wowerenga wa kunyanja adzagwedeza mutu kuvomereza.

Ukali wa nyanjayi udalembedwa ngakhale m'mbiri. Mu Seputembala 1895 Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, adamira pamene boti limene adakwera lidagubuduzika ndi namondwe chakumwera kwa Nkhotakota. Thupi lake lidaikidwa pa mishoni ya Anglican ya ku Nkhotakota, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Woyenda akachoka pagombe nakwera kupita kutchalitchiko amafika pakati pa tauni yakale, ndipo kumeneko amakumana ndi mlandu waukulu kuposa uliwonse umene mlembi angapeke.

Cha m'ma 1840 Mswahili wina wochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, Salim bin Abdallah, adakhazikika pamalopa natenga dzina laulemu lakuti Jumbe. Iye ndi olowa m'malo mwake adasandutsa Nkhotakota msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu zikwizikwi ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankasonkhanitsidwa pano, nalongedzedwa m'ngalawa zoyendera mphepo, nawolotsedwa kutsidya, kumene ankayamba ulendo wapansi wa miyezi ingapo wopita ku Kilwa. Ambiri ankafera m'njira. David Livingstone adafika kuno pa boti mu 1861, nabweranso wapansi mu 1863, ndipo mkuyu umene umasonyezedwa kwa alendo pafupi ndi chipatala cha St Anne's ndiwo umakumbukiridwa monga malo amene adakambirana ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa za kuleka malondawo. Malondawo sadaleke pa nthawiyo. Mu 1889 Harry Johnston adachita pangano ndi Jumbe wachitatu, amene adamwalira mu 1894, ndipo posakhalitsa wolowa m'malo mwake adachotsedwa pampando ndi atsamunda natumizidwa ku Zanzibar.

Munthu woyenda pansi amamvetsa chimene buku la mbiri limangochitchula modutsa, ndicho chifukwa chake mlanduwo udachitikira pano osati pena. Mchenga wa Sungu umatambalala kulowa m'nyanja ngati mkono, nutchinga mafunde, kotero kuti ngalawa zinkapeza pokocheza pabwino. Madambo a kuseri kwa gombe amabereka mpunga wokwanira kudyetsa anthu a mtengatenga. Njira zochokera ku Kasungu ndi kuchigwa cha Luangwa zinkatsikira pomwepa. Doko, chakudya ndi njira zidakumana pamalo amodzi, ndipo anthu adyera adaona mwayi. Zotsalira za nthawiyo zikuonekabe: mizikiti, mitengo ya kokonati, mpunga wa faya, ndi mayina a Chiswahili m'mabanja ena. Zilipo zinanso zosaoneka ndi maso. M'madera ambiri a Malawi mawu akuti kapolo amatulukabe pakabuka mkangano wa ufumu kapena wa munda, patapita zaka zoposa 100. Akuluakulu adati mlandu suola. Mlembi wofuna chifukwa chenicheni chimene munthu angadanire ndi mnansi wake sayenera kuchibwereka ku America. Angachipeze m'zinthu zimene mabanja amanong'onezana koma osazinena pabwalo. Ayenera kuzigwira mosamala ngati dzira, pakuti zidzukulu za ogulitsa ndi za ogulitsidwa zimamwa madzi a pa chitsime chimodzi, ndipo palibe mdzukulu amene adasankha gogo wake.

Kumpoto kwa tauni dziko limasintha msanga. Mtsinje wa Bua umatsika kuchokera m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita 1,800, ndipo mvula ikatha nsomba za mpasa zimakwera mtsinjewo kukaswana. M'nkhalangomo njovu zidali zoposa 1,500, koma opha nyama mozembera lamulo adazitha mpaka kutsala zosakwana 100. Bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015 mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Alonda a nkhalangoyo ndi ofufuza milandu enieni. Amawerenga udzu wopindika, phulusa la moto wa dzana, ndi khungwa lotupuka pamene padamangidwa msampha wa waya. Kupitirira apo kuli minda ya mizimbe ya Dwangwa, kumene mzimbe wotalika kuposa munthu umabisa chilichonse kufikira tsiku lotentha munda, ndipo antchito ochokera m'maboma osiyanasiyana amakhala moyandikana osadziwana mitundu. Mu Febuluwale 2024 madzi osefukira adasamutsa anthu zikwizikwi m'dera limeneli. Malo aliwonse mwa amenewa ali ndi mlandu wake umene sungachitikire kwina.

Koma malo amene amafanana kwambiri ndi chithaphwi cha Doyle ali kumwera kwa tauni, ku Chia. Imeneyi ndi nyanja yaing'ono yolumikizana ndi nyanja yaikulu kudzera pa kamtsinje kamene msewu wa M5 umakaoloka pa mlatho, pamene amalonda amaimika nsomba m'mwamba kuitanira apaulendo. Wodutsa pa basi amaona mlathowo ndi nsombazo basi. Woyenda pansi amalowa m'tinjira ta m'madambo a mpunga, nafika pamene nthaka imayamba kunjenjemera pansi pa phazi. Kutsogolo kwake kuli bango ndi gumbwa wotalika, ndipo m'katimo muli timipata ta madzi timene mabwato amadutsamo. Mlendo amaona timipata tonse tofanana, pamene mwini dera amadziwa kamene kamatulukira kunyanja ndi kamene kamathera m'matope. Mawu amayenda patali pamwamba pa madzi, koma maso saona kupitirira mikono isanu. Mvuu zimafwenthera pafupi, ndipo pa matope a m'mphepete pamaoneka mkwekwe wosalala pamene ng'ona idatsetserekera m'madzi.

Ng'ona imeneyo ndiyo galu wa Baskerville wa kunyanja. Ng'ona zimagwiradi anthu, makamaka asodzi ovuula maukonde ndi amayi otunga madzi kapena ovuula chinangwa cha kondowole. Koma m'midzi yambiri munthu akagwidwa, funso limene limamveka pamaliro si lakuti ngoziyo yachitika bwanji. Anthu amafunsa kuti ng'onayo waituma ndani. Chikhulupiriro chimenechi chimatsegula makomo awiri oopsa. Khomo loyamba ndi la wakupha wochenjera, amene angakanthe mnzake ndi nkhafi chifukwa cha ngongole, ukonde kapena mkazi, namukankhira m'madzi, podziwa kuti mudzi wonse udzaloza ng'ona ndi mfiti. Khomo lachiwiri ndi la munthu wosalakwa, kawirikawiri gogo wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene amasenzetsedwa imfa yobwera ndi ngozi chabe. Izi si nthano. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti ndiponso kumwetsa mwavi, koma lamulo lolembedwa papepala silifika msanga pamene mkwiyo wa khamu wafika.

Apa m'pamene nkhani yofufuza mlandu imaposa kungosangalatsa. Wofufuza wa m'nkhani yotere amakana kuthamangira yankho limene aliyense walivomereza, nayamba kufunsa mafunso ang'onoang'ono. Kodi bwato lidapezeka likuyandama, kapena lomangidwa bwino pa bango? Munthu wogwidwa ndi ng'ona mwadzidzidzi sakhala ndi nthawi yomanga mfundo. Kodi nkhafi ili kuti? Kodi mabala a pathupi ndi mizere ya mano, kapena ndi bala limodzi la pankhongo? Kodi mphepo ya usikuwo ikadakankhira bwato kumene lidapezekako, kapena kwina? Kodi womwalirayo, amene adakulira pamadzi amenewa, akadatsika m'bwato pamalo pamene ana omwe amadziwa kuti pamagona ng'ona? Wophunzira amene wawerenga nkhani yotere mpaka kumapeto, naona gogo wonamiziridwa akupulumuka chifukwa cha mfundo ya chingwe, waphunzira kufunsa umboni asadatole mwala. Koma mafunso amenewa angawalembe ndi mlembi yekhayo amene adaimapo m'matope a Chia naona mmene asodzi amamangira mabwato awo. Akalakwitsa kanthu kamodzi, owerenga a kunyanja adzaseka, ndipo phunziro lonse lidzagwera m'madzi.

Kuyenda kwa mlembi kuli ndi mwambo wake. Doyle ndi Christie ankatha kuyenda maola ambiri osakumana ndi munthu, koma pa gombe la Nkhotakota palibe malo opanda mwini. Mlendo wodutsa osapereka moni, wongoyang'anayang'ana ndi kulemba m'kope, amasanduka iye mwini woganiziridwa. Woyenda wanzeru amayamba waonekera kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a padoko, nanena chimene wadzera. Amathandiza kukoka khoka, amagula nsomba, amakhala pansi, ndipo amamvetsera kwambiri kuposa kufunsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zolemba amalemba madzulo ali yekha. Njira imodzi amaiyenda kangapo: m'dzinja pamene madambo adzaza ndipo ulendo wa theka la ola usanduka wa maola awiri, m'nyengo ya mwera, ndiponso mu Okutobala pamene mchenga umatentha koti munthu wopanda nsapato sangauponde masana. Amawerenga mphindi zochokera padoko kufika pamsika, wapansi ndiponso pa kabaza. Amasunga m'mutu fungo la usipa wouma pa thandala, kulira kwa nkhwazi, ndi mtambo wa tizilombo ta nkhungu umene umafuka pakati pa nyanja ngati utsi wa sitima yoyaka.

Pali udindo wina umene mlembi sayenera kuuiwala. Doyle adatenga chithaphwi cha Fox Tor nachitcha Grimpen, ndipo Christie adapeka dzina la tauni imene mudachitikira imfa ija. Adatero kuti akhale ndi ufulu wosuntha njira ndi nyumba, komanso kuti asadetse mbiri ya anthu enieni. Ku Malawi, kumene mudzi umadziwika ndi dzina la mfumu yake ndipo mfumuyo ili ndi abale amoyo, kusamala kumeneku n'kofunika koposa. Mlembi angatchule Chia, Bua ndi Dwangwa, pakuti mitsinje ndi nyanja sizisuma mlandu. Koma mudzi wa wakupha, dzina lake ndi nkhope yake ziyenera kukhala zopeka kotheratu, kuti pasapezeke munthu wolozedwa chala pamsika chifukwa cha buku. Nkhalamba imene idamuphunzitsa mlembi za mwezi ndi usipa idamupatsa nzeruzo mwaulere, ndipo siyenera kudzipeza yasanduka mfiti kapena mbala m'masamba a buku la mlendo amene idamulandira.

Wophunzira wa ku Linga, ku Dwangwa kapena ku Benga ali ndi mwayi umene Doyle adalibe. Doyle adali mlendo ku Dartmoor, ndipo adafunika bwenzi lomutsogolera. Mwana wa kunyanja adayamba kuyenda pa gombelo asadadziwe kulemba dzina lake. Amadziwa kale pamene pamaterera, pamene pamagona ng'ona, ndi ola limene mabwato amabwerera. Chimene chimamusowa n'kukhulupirira kuti zinthu zimenezi n'zoyenera kulowa m'buku, chifukwa chizolowezi chidamuphimba maso ndipo mabuku amene adawerenga adamuuza kuti nkhani zenizeni zimachitikira kutali. Tsiku limene adzayende njira yake ya masiku onse pang'onopang'ono, akudzifunsa pa mphambano iliyonse kuti ndani angamuone ataima pamenepo ndipo ndani sangamuone, adzakhala atayamba kale mutu woyamba. Wa ku Mulanje, wa ku Nsanje ndi wa ku Rumphi angachite chimodzimodzi ndi minda ya tiyi, madambo a Shire ndi zitunda za Nyika, aliyense ndi dera limene mapazi ake amalidziwa.